Anakonza wotchi ndi mzere, wosewerayo sanamufunse

Pa 24 February 1979, timu ya basketball ya yunivesite ya North Carolina ku America inapita kukasewera kwa anansi ake a Duke, mtunda wosakwana makilomita 20. Chigawo choyamba chinatha zigoli zili 7 kwa 0. Mphindi 20 zathunthu, anyamata amene tsiku lina lililonse akanagoletsa mapointi 35 kapena 40 sanapeze ngakhale imodzi. Sikuti mpira unkawakana ayi. Kochi wawo, Dean Smith, anawalamula kuti azingopatsirana kutali, kudikira kuti a Duke atope achoke pansi pa dengu pamene anaunjikana. A Duke nawo anati sitisuntha. Anthu olipira pakhomo anakhala akuonerera mnyamata ataima chilili, mpira uli m'khwapa, nthawi ikungopita. Masewerawo anatha 47 kwa 40 mokomera Duke, ndipo Smith sanaphwanye lamulo lililonse, chifukwa masiku amenewo timu ya pakoleji inkatha kusunga mpira mpaka pamene yafunira.

Zinabwerezanso mu 1982 pa ndime yotsiriza ya chikho cha ligi ya ACC, ulendo uno anthu a m'dziko lonse la America akuonera pa kanema. North Carolina, muli Michael Jordan ndi James Worthy, inaumirira mpira mphindi zomalizira n'kugonjetsa Virginia 47 kwa 45. Oonera anadandaula, ndipo zinthu zinayenda msanga. Nyengo yotsatira ACC inayamba kuyesa wotchi yokakamiza timu kuponya. Mu 1985 bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewera a m'makoleji, linaika wotchiyo kwa matimu onse a amuna, masekondi 45. Mu 1993 anaichepetsa kufika 35, mu 2015 kufika 30. Mzere wa mapointi atatu unabwera mu 1986, ndipo anakhala akuusunthira kumbuyo mpaka mu 2019 unafika pa mamita 6.75, muyeso wa FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, umene mayiko ena onse amatsatira. Malamulo amenewa ndimawakonda, anakometsa mpira.

Koma pali lamulo lina la pabwalo limene limandiwawa ndikalikumbukira. Mu 1967 anyamata a UCLA, yunivesite ya ku Los Angeles, anatenga chikho osagonja ngakhale kamodzi, masewera 30, motsogozedwa ndi mnyamata wakuda wamtali wotchedwa Lew Alcindor, amene pambuyo pake anadzakhala Kareem Abdul-Jabbar. Nyengoyo itangotha, akuluakulu analetsa dunk, kulumpha kuja kothira mpira m'dengu ndi dzanja kuchokera pamwamba. Iwo anati akuteteza osewera kuti asavulale komanso zitsulo kuti zisathyoke. Anthu ambiri ankangolitchula kuti lamulo la Alcindor, ndipo iye mwini ankanena poyera kuti khungu linalipo pa nkhaniyi. Chiletsocho chinakhala mpaka 1976. Mnyamata amene lamulolo linamulunjika analibe mpando m'chipinda chimene analikambirana.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Woonera akatopa, lamulo limasintha m'zaka zochepa. Koma malamulo okhudza moyo wa wosewera, chimene adye, ndalama imene angalandire, kumene angasamukire, nthawi yake ya m'kalasi, amenewo akhala akusintha pokhapokha wina akawakokera akuluakulu kukhothi. Ine ndine mphunzitsi, ndipo masana ena ndimathandiza ana kusewera pa bwalo la simenti long'ambikang'ambika, dengu lake lopanda ukonde. Mpira wa m'makoleji a ku America ndimaonera pa foni. Ndime yotsiriza ya mpikisano wa chikho cha makoleji wotchedwa March Madness imayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kwathu kuno, ndiye ndimasunga bandulo ya intaneti n'kudzuka anthu onse ali m'tulo. Ana amene ndimawaphunzitsa, makamaka ataliatali, amalota sikolashipu ya ku America, ndiye zochitika kumeneko sindingazitenge ngati za eni ake okha.

Tiyambe ndi ndalama. Mu 2010 NCAA inagulitsa ufulu woonetsa mpikisano wa amuna ku makampani a kanema a CBS ndi Turner pa madola 10.8 biliyoni kwa zaka 14. Mu 2016 anawonjezera zaka 8 pa madola 8.8 biliyoni, mpaka 2032. Mpikisano wa milungu itatu yokha umalowetsa pafupifupi biliyoni imodzi pa chaka. Makochi a matimu akuluakulu amalandira mamiliyoni angapo pa chaka, ena kuposa wogwira ntchito m'boma aliyense m'chigawo chawo. Wosewera ankapatsidwa fizi, chipinda, chakudya ndi mabuku, n'kuuzidwa kuti akalandira kena kalikonse chifukwa cha luso lake wadetsa masewera. Maganizo amenewa sanangomera okha. Walter Byers, mkulu woyamba wa NCAA kuyambira 1951, anavomereza yekha atapuma ntchito kuti dzina loti student-athlete, kutanthauza wophunzira wochita masewera, analikonza dala kuti makhothi asamaone osewera ngati antchito. Mu 1955 mnyamata wina, Ray Dennison, anamwalira atavulala m'mutu posewerera koleji ya Fort Lewis A&M ku Colorado mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba. Mkazi wake anapempha chipukuta misozi chimene banja la wantchito limalandira. Khothi lalikulu la ku Colorado linakana, linati kolejiyo sinali pa bizinesi ya mpira. Maziko a malamulo a zaka 60 zotsatira ndi amenewo.

Amene anayamba kugwedeza mazikowo ndi Ed O'Bannon. Mu 1995 anatsogolera UCLA kutenga chikho, pa ndime yotsiriza anagoletsa mapointi 30. Ku NBA, ligi yaikulu ya osewera olipidwa ku America, sizinamuyendere kwenikweni, ndipo patapita zaka anali kugulitsa magalimoto ku Nevada. Tsiku lina ali kwa mnzake, mwana wa m'nyumbamo anamuonetsa gemu ya pa kanema ya kampani ya EA Sports. M'gemumo munali wosewera wa UCLA, wakuda, wometa mpala, wamanzere, jezi nambala 31. Dzina lokha ndi limene munalibe. Palibe anamupempha chilolezo, palibe anamupatsa kangachepe. Anasuma mu 2009, ndipo mu 2014 woweruza Claudia Wilken anagamula kuti malamulo a NCAA akuphwanya lamulo loletsa mabungwe kugwirizana kuti apondereze mitengo. Apilo inachepetsa mphamvu ya chigamulocho, koma khomo linali litatseguka.

Chaka chomwecho cha 2014, Shabazz Napier wa timu ya Connecticut, yomwe inatenga chikho, anauza atolankhani kuti masiku ena amagona ndi njala. Nthawi imeneyo malamulo ankawerengera chakudya chimene sukulu ingapatse wosewera. Patangopita masiku ochepa chikho chitatha, NCAA inavomereza kuti osewera azidya mmene angafunire. Ganizolo linali kale m'makomiti, koma taonani kuti panafunika lamulo lapadera kuti mnyamata wothamanga maola ambiri pa tsiku akhute. Nanga za Zion Williamson wa Duke pa 20 February 2019? Duke ikusewera ndi North Carolina, matikiti ena akugulidwa madola masauzande, Barack Obama atakhala m'mbali mwa bwalo. Mphindi imodzi isanakwane, nsapato ya Nike ya kumanzere inang'ambika, phazi linatulukira panja, Zion anagwa atagwira bondo. Nsapatoyo anavala chifukwa sukulu yake inali pa mgwirizano ndi kampaniyo. Sukulu inkalandira, kochi ankalandira, a kanema ankalandira. Mwini bondo, amene tsogolo lake lonse linali pa mwendo umenewo, ndi yekhayo amene lamulo linkamuletsa. Mwamwayi anachira.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Mu 2019 chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo lolola osewera kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo. Pa 21 June 2021, khothi lalikulu la dziko la America linagamula mlandu wa Alston, umene osewera anasumira NCAA, majaji onse 9 mogwirizana, kutsutsa NCAA. Jaji Brett Kavanaugh anawonjezera mawu ake, kuti palibe bizinesi ina ku America imene ingaloledwe kugwirizana zosalipira antchito ponena kuti kusalipirako ndiko kumakometsa malonda ake. Pa 1 July chaka chomwecho NCAA inalola zimene masiku ano amangoti NIL, kuti wosewera atha kutsatsa malonda n'kulipidwa. Ndiye mu June 2025, Wilken yemwe uja anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wina wa osewera, wotchedwa House: chipukuta misozi cha madola pafupifupi 2.8 biliyoni kwa osewera akale, cholipidwa m'zaka 10, komanso chilolezo choti sukulu iliyonse izigawira osewera ake mwachindunji ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Pa zonsezi, palibe chimene akuluakulu anachita mwa kufuna kwawo.

Ine ndikukondwera kuti ana amenewa akulipidwa, ndipo sindibisa. Ndimamva madandaulo a anthu okonda mpira wakale, oti timu ya chaka chino si ya chaka chatha, kuti sungalowezenso mayina, kuti mwana akangokhala pabenchi amanyamuka. N'zoona ndithu. Kuyambira 2024 wosewera atha kusamuka kangapo osakhala chaka panja monga zinalili kale, ndipo mu 2025 anyamata oposa 2,000 analembetsa kuti akufuna kusintha sukulu. Makochi ena otchuka, monga Tony Bennett wa Virginia ndi Jim Larrañaga wa Miami, anasiya ntchito mu 2024 ponena kuti sakutha kuyenda nazo. Sindikuwanyoza, ndi anthu amene anaumba anyamata ambiri. Koma kwa zaka zonse zija kochi ankatha kulonjeza mayi wa mwana m'nyumba mwawo kuti mwanayu ndimusamala zaka zinayi, chaka chotsatira n'kupita kumene kwamveka ndalama zambiri, mwana n'kutsala womangika. Ufulu umene makochi akhala nawo kuyambira kalekale ndi umene wayamba kuoneka ngati chisokonezo lero chifukwa wafika kwa osewera.

Chimene sichinakonzedwe ndi chija chinamuchitikira Alcindor. Malire a madola 20.5 miliyoni aja anawerengedwa ngati magawo 22 pa 100 alionse a ndalama zimene masukulu akuluakulu amapeza. Anagwirizana zimenezi ndi maloya ndi akuluakulu a maligi. Bungwe latsopano la College Sports Commission, limene limaunika mgwirizano uliwonse wa NIL wa madola 600 kapena kuposa, analikhazikitsa ndi maligi omwewo. Ana amene lero ali kusekondale adzalowa m'dongosolo limeneli atalipeza litasainidwa kale. Zimandikumbutsa matenanti a m'maesiteti a fodya: mwini munda atha kukweza mtengo umene akukugulira, ndipo udzathokoza, koma sikelo ndi yake, buku la ngongole ndi lake, ndipo ku okushoni amapita yekha. Ku NBA osewera amatenga pafupifupi theka la ndalama za ligi, ndipo sanapatsidwe mwachifundo. Mu 1964, usiku wa masewera a All-Star ku Boston, makamera atatcheredwa kale, osewera anakana kutuluka m'chipinda chovalira mpaka eni matimu atalonjeza za penshoni. Malire a malipiro, malamulo osamukira, chilango, zonsezo ku NBA zimalimba chifukwa bungwe la osewera linasainira. Ku koleji lamulo lililonse limagwa likafika kukhothi, ndipo lipitiriza kugwa, chifukwa mbali imodzi yokha ndi imene imalemba.

Pali komiti ya osewera yolangiza NCAA, ndipo ali ndi mipando m'makomiti ena, koma kulangiza n'kosiyana ndi kukhala ndi mphamvu yokana. Anyamata a Dartmouth, sukulu ya m'ligi ya Ivy League kumene kulibe n'komwe sikolashipu ya masewera, anayesa njira ina. Pa 5 March 2024 anaponya voti, 13 kwa 2, kuti alowe bungwe la anthu apantchito, lomwenso limaimira antchito ena a pasukulupo. Sukulu inakana kukambirana nawo. Kumapeto kwa chaka chomwecho, boma litatsala pang'ono kusintha, anachotsa pempho lawo poopa kuti chigamulo choipa chingatsekere ena onse njira. Panopa NCAA, motsogozedwa ndi Charlie Baker, ikupempha nyumba ya malamulo ya Congress kuti ilembe lamulo lonena kuti osewera si antchito, komanso loiteteza ku milandu. Ndimamvetsa mantha a masukulu ang'onoang'ono, amene sangakwanitse kulipira wothamanga ndi wosambira aliyense. Koma ngati dzina loti wantchito likuwopsa, apeze dzina lina, bola osewera a basketball ya mabiliyoniyi akhale ndi bungwe lawolawo lotha kunena kuti ayi.

Tsopano ndilankhule ngati mphunzitsi, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Masukulu a gawo lapamwamba la Division I alipo oposa 350, anyamata osewera ndi masauzande angapo. NBA imasankha anthu pafupifupi 60 pa chaka, ndipo ena mwa iwo amachokera ku Ulaya ndi kwina. Mwa osewera onse a NCAA, amene amasankhidwa ndi mmodzi pa 100, mwina osakwana. Otsalawo chimene angatuluke nacho ndi digiri, ndiye digiriyo iyenera kukhala yeniyeni. Mu 2014 kafukufuku wa Kenneth Wainstein anaulula kuti pa yunivesite ya North Carolina yomwe ija, kuyambira 1993 mpaka 2011, ophunzira oposa 3,100 analembetsa makalasi amene sankakumana n'komwe. Unkangopereka pepala limodzi n'kulandira malikisi apamwamba. Pafupifupi theka la iwo anali osewera, ndipo alangizi ena ankawalozera dala kumeneko kuti asagwe m'timu. Chondipweteka kwambiri n'chakuti izi zinkachitika m'dipatimenti ya maphunziro a za Africa ndi anthu akuda a ku America. Mu 2017 NCAA inati singalange sukuluyo pa nkhani ya makalasiwo, popeza ophunzira wamba nawonso ankaloledwa kulowamo. Bungwe limene linkatha kuimitsa mwana chifukwa cholandira mphatso linasowa chochita pamene mwanayo anaberedwa maphunziro, chinthu chokhacho chimene linkati ndiye malipiro ake.

Pa pepala, wosewera sayenera kupitirira maola 20 pa mlungu pa zamasewera, lamulo la mu 1991. Koma maulendo sawerengedwa, kulandira chithandizo cha kuvulala sikuwerengedwa, ndipo zolimbitsa thupi zotchedwa zongodzipereka sizimawerengedwa ngakhale aliyense akudziwa kuti wosabwera sasewera. Ndiye mu 2024, pofunafuna ndalama za kanema za mpira wa zipewa uja, masukulu anasokoneza maligi. UCLA, USC, Oregon ndi Washington, za kugombe la kumadzulo, zinalowa ligi ya Big Ten. Stanford ndi California zinalowa ACC, ligi ya kugombe la Atlantic. Lero mwana wa ku Los Angeles amakasewera ku Rutgers, ku New Jersey, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, kuposa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg n'kubwerako, ndipo nthawi imasiyana ndi maola atatu. Masewera a pakati pa mlungu amatha usiku, ndege imatera m'bandakucha, kalasi ili m'mawa womwewo. Ine ndikudziwa nkhope ya mwana amene sanagone, ndimaiona m'kalasi mwanga: maso otseguka, mutu kulibe. Mwana wotero sangasankhe uinjiniya kapena unamwino, maphunziro ofuna kukhala mu labu masana. Amasankha zimene zikugwirizana ndi ndandanda ya kochi. Kusamukasamuka nako kuli ndi mtengo wake umene mwana wa zaka 19 sauona msanga: sukulu yatsopano sivomereza maphunziro onse a kumene wachokera, ndipo amene wadutsa masukulu atatu atha kumaliza zaka zake zosewera digiri ili kutali.

Ena amati vuto ndi anyamata obwera chaka chimodzi n'kuthamangira ku NBA. Koma lamulo limenelo si la NCAA. Ndi NBA ndi bungwe la osewera ake amene anagwirizana mu 2005 kuti wosankhidwa akhale wa zaka 19 ndipo papite chaka atamaliza sekondale. Kevin Durant anakhala chaka chimodzi ku Texas, Zion chimodzi ku Duke. Komiti ya Condoleezza Rice, imene inakhazikitsidwa a FBI atamanga anthu 10 mu 2017 pa nkhani ya ziphuphu zokopera osewera, inapempha kuti lamulolo lichotsedwe, koma lidakalipo. Ine ndikuti amene wakonzeka apite, asamanamizire sukulu. Komabe anyamata otere ndi ochepa kwambiri pa chaka, ndipo timataya nthawi yochuluka pa iwo. Enanso amafuna kubwezeretsa lamulo lakale, lomwe linatha mu 1972, loti wa chaka choyamba asamasewere m'timu yaikulu kuti ayambe wazolowera kalasi. Ganizolo lili ndi nzeru, koma kumuletsa mwana kusewera pamene anzake akulipidwa sikungapirire kukhothi pokhapokha osewera eni ake atavomereza. Tabwereranso pomwe paja.

Kuti sukulu ndi mpira zitha kuyendera limodzi, umboni ulipo. John Thompson, kochi wa Georgetown, ankasunga mpira wophwa mu ofesi yake, kuti mnyamata aliyense wolowamo aone kuti tsiku lina mpweya udzatha. Mu January 1989 anatuluka m'bwalo masewera asanayambe, potsutsa lamulo la NCAA lotchedwa Proposition 42, limene likanamana sikolashipu ana osakhoza bwino mayeso olowera, ambiri a iwo akuda ochokera m'mabanja osauka. Iye sankafuna kuti mwana atsekeredwe pakhomo, koma akalowa ankamuumiriza kuphunzira, ndipo pafupifupi onse amene anakhala naye zaka zinayi anamaliza. Mmodzi mwa iwo ndi Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anafika ku Georgetown mu 1987 pa sikolashipu ya USAID ndi maganizo odzakhala dokotala. Udokotala sunatheke pamodzi ndi mpira, koma anamaliza digiri mu 1991, ndipo mu 2007 anatsegula chipatala kwawo chotchedwa dzina la mayi ake, Biamba Marie Mutombo. Anamwalira mu September 2024. Ana anga ndikawauza za iye, ndimayambira pa chipatalacho.

Njira imene Mutombo anadutsa ikudzaza. Hasheem Thabeet, wa kwa anansi athu ku Dar es Salaam, anasewera ku Connecticut n'kusankhidwa wachiwiri mu 2009, ngakhale ku NBA sanakhalitse. Joel Embiid ndi Pascal Siakam a ku Cameroon anadzera ku Kansas ndi New Mexico State. Khaman Maluach wa ku South Sudan anachokera ku NBA Academy Africa ku Senegal n'kupita ku Duke mu 2024. Koma ana a kwathu ku Africa ali ndi chopinga chimene anzawo a ku America alibe. Ambiri amalowa pa viza ya ophunzira, F-1, imene imaletsa ntchito zambiri zolipidwa munthu ali m'dzikomo. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji mu 2022 ali ku Kentucky, koma kuti ajambulitse zotsatsa malonda anadikira mpaka timu yake itapita ku Bahamas mu August chaka chimenecho, n'kupanikiza ntchito yonse m'masiku ochepa ali kunja kwa America. Tshiebwe anali ndi dzina komanso anthu omuthandiza. Mnyamata wamba wa pabenchi amene walandira ndalama mosadziwa atha kutaya viza, sukulu ndi zonse. Maloya amene analemba mgwirizano wa House sakanatha kusintha malamulo olowera m'dziko, ndipo ana ochokera kunja savota ku America, ndiye nkhani yawo imatsalira m'mbuyo nthawi zonse.

Atsikana aonetsa kuti wosewera akalankhula yekha zinthu zimasuntha. Mu March 2021 Sedona Prince wa timu ya Oregon anajambula pa foni malo olimbitsira thupi amene NCAA inakonzera atsikana ku San Antonio: kamulu kamodzi ka zitsulo zing'onozing'ono, pamene amuna anali ndi holo yodzaza. Kanemayo anafalikira, kafukufuku anachitika, ndipo mu 2022 mpikisano wa atsikana unakhala wa matimu 68 n'kuloledwa kugwiritsa ntchito dzina la March Madness. Mu 2024 ndime yotsiriza ya South Carolina ndi Iowa ya Caitlin Clark inaoneredwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa ya amuna. Prince yemweyo analinso mmodzi mwa osuma mlandu wa House. Pabwalonso atsikana anatsogola: kuyambira 2015 amasewera zigawo zinayi za mphindi 10 monga mayiko ena onse, pamene amuna akadali pa ziwiri za mphindi 20, ndipo china chimene chikuchedwetsa kusinthako ndi funso la pamene angaike zotsatsa malonda za pa kanema.

Ndikanafunsidwa ine, ndikanayambira pa nthawi. Maola a ulendo awerengedwe m'maola 20 aja. Basketball ibwerere m'maligi a masukulu oyandikana, mpira wa zipewa uziuluka wokha ngati ukufuna, popeza umaseweredwa kamodzi pa mlungu. Mgwirizano wa sukulu ndi wosewera ukhale wa zaka ziwiri kapena zitatu, womanga mbali zonse, kuti kochi asamathamangitse mwana mwakachetechete ndipo mwana asamanyamuke chaka chilichonse. Kuyambira August 2024 masukulu a Division I akuyenera kulipira chithandizo cha kuvulala kwa zaka ziwiri wosewera atachoka, komanso kuthandiza amene akufuna kubwerera kudzamaliza digiri. Ndi chiyambi chabwino, koma bondo limene lang'ambika uli ndi zaka 20 limadzapweteka uli ndi 40. Ndipo kubetcha pa mapointi a mwana mmodzi payekha, kumene Baker akulimbana nako ndipo pamenepa ndikugwirizana naye, kuletsedwe, chifukwa ana akulandira mauthenga otukwana ndi owopseza kuchokera kwa anthu amene aluza juga.

Bambo wina, mwana wawo ndi mmodzi mwa ataliatali aja, anandipeza pabwalo madzulo ena atamva kuti pali munthu pa WhatsApp amene akulonjeza kumupezera mwanayo sukulu kunja. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu akapita kumeneko akakhala wasukulu kapena wantchito?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, akakhala zonse ziwiri, ngakhale pepala lidzangonena chimodzi." Tinakhala pansi pa benchi n'kulemba zoti akafunse asanasaine chilichonse: ngati sikolashipuyo ndi ya chaka chimodzi kapena zaka zinayi, amene adzalipire mwana akavulala, ngati adzaloledwe kusankha yekha maphunziro ngakhale akuwombana ndi nthawi ya kochi, zimene viza yake ikulola pa nkhani ya ndalama, ndiponso amene adzagule tikiti yobwerera kumudzi zikakanika. Ndinawauzanso kuti munthu wofuna ndalama patsogolo kuti apeze sikolashipu amukane, ndipo kalata iliyonse ibwere kuchokera ku ofesi ya sukuluyo, osati kwa ejenti. Mwanayo ali Fomu 3, ndipo tinagwirizana kuti nkhani ya ku America idikire mpaka atalemba mayeso a MSCE.